Ndinapita kukayezetsa shuga, adokotala nkuyamba kufunsa za tulo

Ine ndimakazinga mandasi pa Luchenza, ndiye kudzuka kwanga ndi 3 koloko m'bandakucha, ufa ndimakandiratu usiku, kukagona cha m'ma 11 ndikatopa ndi WhatsApp. Maola 4 basi, zaka ndithu. Achemwali anga atapezeka ndi shuga anandiumiriza kuti nanenso ndikayezetse, ndiye amene mukuopa imvani mmene zinayendera.

Chachikulu musadye. Pamafunika maola osachepera 8 m'mimba muli mbee, madzi okha ndi amene mungamwe, tiyi ayi. Ine ulendo woyamba ndinalawako mandasi ndili pamoto, mwachizolowezi, nditaulula anandiuza kuti ndibwere mawa lake, thiransipoti yanga nkupita pachabe.

Mawa lakelo ndinalawirira, buku lakuchipatala m'manja, kukhala pabenchi njala ikundipweteka, fungo la mafuta lili m'chitenje. Anandikweza pa sikelo, kundiyeza BP, kenako anesi anapukuta chala ndi kathonje nkubaya, zimangomveka ngati kaminga, kadontho ka magazi nkuika pa kapepala kolowetsa m'kamakina. Masekondi ochepa nambala yatuluka, 6.4.

Adokotala anati 7.0 kupita m'mwamba munthu asanadye ndiye shuga, koma amayezanso tsiku lina kuti atsimikize. Yangayo akuti sinafike koma yaima pakhomo. Ndinkadikira kuti andikalipire za Fanta, iwo nkufunsa, "Mayi, mumagona maola angati?" Ndinaseka, ndimvekere tulo ndi shuga zikugwirizana pati.

Anandifotokozera bwinobwino. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo, ukamagona pang'ono masiku ndi masiku thupi silimveranso bwino insulini, ija imachotsa shuga m'magazi kumulowetsa m'minofu, ndiye shugayo amangoyandama m'magazimo. Kuonjezera apo tulo tikachepa njala imakula ndipo mtima umangofuna zotsekemera. Apa ndinangoti zii, chifukwa ine tiyi wa 4 koloko ndimathira masupuni anayi kuti maso atseguke, cha m'ma 10 wina, mandasi ophwanyika onse amathera mkamwa mwanga. Anatchulanso alonda ndi ogwira shifiti ya usiku m'mafakitale a tiyi kuti nawonso chiopsezo chawo chimakwera.

Anafunsanso ngati ndimaliza mkonono mpaka kubanika, akuti kumeneko nako kumayendera limodzi ndi shuga, komanso ngati ndimadzuka kangati kukakodza, chifukwa shuga akakwera amakudzutsa yekha ndi ludzu ndi mkodzo, tulo nkuonongekeratu. Za mkononozo ndinati akafunse bambo akunyumba, ine ndidziwa bwanji ndili mtulo.

Mankhwala sanandipatse. Analemba m'buku tsiku lobweranso, nkunena kuti ndichepetse shuga ndi nsima, ndiziyenda, ndizigona msanga. Kuyendako sindinadandaule, beseni pamutu ndimayenda nalo kale. Kudzuka 3 koloko sindingasinthe, makasitomala a m'maminibasi a ku Limbe sadikira munthu, ndiye ndinasuntha zinazo, ufa ndikukanda 6 koloko madzulo, ikamakwana 8 ndili pamphasa, foni ndikusiya pa tchaja kuchipinda kwa ana. Sabata yoyamba ndinkangotembenuka, maso gwa kudenga, kumvera agalu. Pano tulo tikubwera, masupuni atsala awiri, ndipo a gulu lathu la banki m'khonde ayamba kale kudandaula kuti mameseji awo ndikuyankha mochedwa.