Loweruka la mwera ku Senga Bay

Mwera wayamba pakati pa usiku. Ndinadzidzimuka malata a nyumba ya amalume akulira, ndipo tulo sitinabwerenso. Ndinafika kuno dzulo madzulo kuchokera ku Lilongwe, m'chikwama muli makope a ana anga a Fomu 3. Sabata yatha ndinawapatsa ntchito yolemba ndakatulo pa mutu wakuti "Bwato", ndiye ndimati ndidzachongere kuno, nyanja ili pamaso panga.

Kutacha tinatsikira kugombe la Nguwo. Chilumba cha Namalenje chimaoneka mwa apo ndi apo chifukwa cha mafunde. Amene anapita usiku ku usipa anabwerako msanga, ena chimanjamanja, ndipo amayi ogula nsomba anangokhala pa mabeseni awo atafunda zitenje mpaka kumutu. Mathandala ambiri anali mbee. Miyezi ino, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imakhala ndi masiku otere.

Ndinakhala pa bwato lina lomwe analikokera kumtunda n'kuyamba kuwerenga. Ana anga alemba bwino, sindikuwanyoza ayi. Koma pafupifupi onse anena chinthu chimodzi: moyo ndi bwato, dziko ndi nyanja, tipalase mpaka tikafike kutsidya. Madzi awo ndi abata, dzuwa likulowa, msodzi akumwetulira. Wina mpaka waika bwato lake pansi pa dzuwa lolowera m'madzi, pamene kuno ku Salima dzuwa limatuluka m'nyanja n'kukalowa kumtunda. Bwato limeneli analiona pa khadi ndi pa nsalu zogulitsa kwa alendo. Ndipo mlandu ndi wanga, chifukwa ine ndi amene ndinawaphunzitsa kuti ndakatulo ithamangire ku fanizo chinthucho asanachiyang'ane.

Bwato lomwe ndinakhalapo silinali fanizo la chilichonse. Linali la mtengo umodzi, losemedwa ndi nkhwangwa ndi kasemasema, mikwingwirima ya chitsulo ikuonekabe m'kati. Kamwa lake n'lopapatiza moti munthu salowamo thupi lonse: umakhala pamwamba, pa milomo yake, miyendo yokha n'kulowa, wina kutsogolo wina kumbuyo. M'mbali munali zigamba zitatu za malata zokhomedwa ndi timisomali, zomatidwa phula. Pansi panali chigubu chodula pakati chokapira madzi, mamba a nsomba atauma m'mphepete mwake. Fungo lake ndi la utaka, utsi ndi mtengo wonyowa.

Amalume anandipeza ndikusisita chigamba chimodzi. Anati, "Mphwanga, limenelo ndi la mango. Kale tinkasema mbawa, bwato n'kukalamba pamodzi ndi mwini wake. Lero mbawa waukulu uupeza kuti? La mango zaka zochepa layamba kumwa madzi." Iwo anakhala siginala zaka zambiri, uja amakhala yekha m'bwato la nyali usiku kukopa usipa, anzake n'kuzinga ndi ukonde wa chilimira. Nthawi yawo nyali zinali zopopa, za parafini. Anyamata a lero ali ndi mababu a batire. Mwezi ukawala kwambiri usipa sumvera nyali, ndiye masiku amenewo amakhala osoka maukonde.

Ndinawafunsa za nyimbo zopalasira. Sanafotokoze, anangotola nkhafi yomwe inali pamchenga n'kuyamba kupalasa m'malere, akung'ung'udza. Apa m'pamene ndinamva chimene ndakhala ndikulephera kuwauza ana m'kalasi. Mzere uliwonse wa nyimboyo unali waufupi, wongokwana nkhafi kulowa m'madzi n'kutuluka. Wotsogolera amaponya mawu nkhafi ili m'mwamba, anzake amavomera ikamamira. Ukatalikitsa mzere mpweya ukuthera, nkhafi zisiyana, bwato liyamba kupita chammbali. Mawu ake sanali okamba za nyanja n'komwe. Anali a mkazi wosiyidwa kumudzi, a ngongole, a mnzawo waulesi amene nkhafi yake imangonyambita madzi. Munthu amene ali pa madzi akuya, m'nyanja yomwe kumpoto kwake imazama mamita 700, sayimba kuti moyo ndi bwato. Amayimba za nsima imene ikumudikira.

Ndinawawerengera ndakatulo ziwiri za ana aja. Anamvetsera mwaulemu, mutu uli pansi. Atamva za madzi abata anangoti, "Ameneyo sanakumane ndi mwera, ngakhale mpoto." Anatchulanso vuma, ya kum'mawa. Mphepo iliyonse ili ndi dzina ndi khalidwe lake, koma m'makope onse aja munangolembedwa kuti "mphepo". Zinandipweteka, chifukwa mawu amenewa ndi athu, alipo, akungodikira wowalemba.

Masana tinadya nsima ya usipa wouma wotendera. Kenako kunabwera mnzawo wa amalume amene amapita ku Mbenji, nkhani n'kutembenukira ku chilumbacho, komwe a Senior Chief Makanjira amatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo mowa saloleza. Ndinamvetsera pang'ono, kenako ndinabwerera ku makope anga pakhonde.

Kope lachitatu kuchokera pansi linali la mtsikana wina wachete, amene amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera. Kwawo ndi ku Nkhotakota. Ndakatulo yake ndi yaifupi, ndime ziwiri zokha, ndipo mulibe dzuwa, mulibe tsidya. Akukamba za mwana amene wakhala pakati pa bwato, bambo ake kutsogolo, iye ntchito yake kukapa madzi. Mzere wina akuti: "Ndikapa, alowa. Ndikapa, alowa. Bambo sacheuka." Pomaliza mwanayo akuona kuti chigubu chayamba kupepuka, ndipo akudziwa kuti ayandikira kumtunda chifukwa bambo ayamba kuyimba.

Ndinaiwerenga katatu. Ndinayesa kuiwerenga ndikugogoda bondo monga amalume amaponyera nkhafi, ndipo inakwana ndendende, mzere ndi mzere. Sindikukhulupirira kuti anawerengera maphatikizo. Kayimbidwe kameneka kali m'mikono mwake.

Dzuwa litapendeka ndinawaitana amalume kuti amve. Anali akusoka ukonde, chingwe chili kukamwa. Nditamaliza anachotsa chingwecho n'kunena kuti, "Bwerezanso." Ndinabwereza. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwana ameneyu anakapapo madzi. Ndipo bambo akewo sacheuka dala, kuti mwana asaone nkhope yawo."

Lolemba ndiyamba ndi ndakatulo imeneyi, ngati mwini wake alola kuti iwerengedwe. Amalume andibwereka nkhafi yakale yothyoka kunsonga kuti ndipite nayo m'kalasi, ndipo ndaimanga kale pa chikwama. Panopa ndi 8 koloko usiku, mwera sunaleke, ndipo panyanja palibe nyali ngakhale imodzi.