Kompyuta iyi ikukumbukira chiyani? Zomwe ndikuphunzira pa NFS ndi AFS

Mafayilo akakhala pa seva koma anthu n'kumawagwiritsa ntchito ali pa makompyuta ena kudzera pa netiweki, uthenga wa vuto umene umatuluka pa sikirini sunena kumene vutolo layambira. Umangosonyeza pamene laphulikira. Munthu akudandaula kuti fayilo yake ikukana kutseguka, inu mukayang'ana diski ya seva ili bwinobwino, netiweki ikuyenda, zilolezo zikuoneka zolondola. Apa m'pamene chiyeso chongozimitsa makina n'kuwayatsanso chimakula.

Kwa kanthawi tsopano ndakhala ndikuphunzira kayendetsedwe ka NFS (Network File System) ndi AFS (Andrew File System), njira ziwiri zogawanira mafayilo pa netiweki, kuwerenga komanso kuyesa pa makina a virtual omwe ndimawasokoneza dala kenako n'kuwakonza. Malamulo olemba pa terminal ndi ambiri, ndipo munthu angathe kuwaloweza onse, koma chomwe chandithandiza kwambiri ndi funso limodzi: kompyuta iyi ikukumbukira chiyani, nanga inzakeyo ikukumbukira chiyani? Mavuto ambiri a mafayilo a pa netiweki amabwera makina awiri akasiyana pa chinthu chimene onse akuganiza kuti akuchidziwa: fayilo ili pati, inasintha liti, wopemphayo ndani, nthawi ili bwanji.

Ndiyambe ndi NFS, imene kampani ya Sun Microsystems inapanga mu 1984. Oipanga anasankha kuti seva isamasunge mbiri ya makina amene akulankhula nayo. Pempho lililonse lochokera kwa client, kompyuta imene ikupempha mafayilo, limadza ndi zonse zofunika, ndipo seva ikazima n'kuyakanso, client imangobwereza pempho lija mpaka itayankhidwa. Ndi nzeru yomwe ndimaisirira, ndipo inakhala maziko a version 2 komanso version 3 ya mu 1995. Komabe ngati seva sikumbukira, mtolo wokumbukira umagwera client.

Client ikafuna fayilo koyamba imatchula dzina lake, seva n'kuipatsa file handle. Handle ili ngati kachikalata kamene amakupatsani mukasungitsa katundu: pobwera kudzamutenga simufotokozanso maonekedwe ake, mumangoonetsa nambala. Pa maseva a Unix, mkati mwa handle mumakhala chizindikiro cha file system, nambala ya inode (imene file system imadziwira fayilo iliyonse), ndi nambala ina imene imasintha inode ija ikapatsidwa fayilo yatsopano. Ndiye uthenga wotchuka uja wa Stale file handle umatanthauza kuti client yaonetsa handle imene seva sikuizindikiranso. Mwina kompyuta ina yafufuta fayiloyo pamene iyi inali itaitsegula. Mwina woyang'anira wasamutsira mafayilo onse pa diski yatsopano, maina ali omwewo koma manambala a inode asintha. Munthu akayang'ana pa seva aona fayilo ilipo, dzina lomwelo, zamkati zomwezo, n'kudabwa. Koma client sikufunsa dzina, ikufunsa nambala yakale. Kukonza kwake nthawi zambiri ndi umount kenako mount (kuchotsa mafayilo a seva pa client n'kuwalumikizanso), ndipo pa Linux kuika fsid yokhazikika mu /etc/exports kumathandiza kuti chizindikiro cha file system chisamasinthesinthe seva ikayakanso.

Pali kanthu kena kogwirizana ndi zimenezi kamene kanandisangalatsa nditakamvetsa. Mukafufuta fayilo imene pulogalamu ina pa kompyuta yomweyo yaitsegula, client siifufuta zenizeni. Imaisintha dzina n'kukhala .nfs yotsatidwa ndi manambala ambirimbiri, kuti pulogalamu ija ipitirize ntchito. Timafayilo timeneti ndi tomwe timachititsa foda kukana kufufutika ngakhale ikuoneka yopanda kanthu. Musalimbane nato. Pezani pulogalamu imene yatigwira pogwiritsa ntchito lsof pa client ija, ikatseka tichoka tokha.

Client imakumbukiranso kukula kwa fayilo ndi nthawi imene inasinthidwa, kuti isamafunse seva nthawi zonse. Pa Linux, ngati simunasinthe kalikonse, imasunga zimenezi kwa masekondi 3 mpaka 60 pa mafayilo, ndi 30 mpaka 60 pa mafoda. N'chifukwa chake wina angalembe fayilo pa kompyuta A, mnzake pa kompyuta B osaiona kwa kanthawi. Palibe chawonongeka apa. Lonjezo la NFS ndi lochepa: wolemba akatseka fayilo, amene aitsegule pambuyo pake aona zatsopano. Silonjeza kuti anthu awiri otsegula fayilo imodzi nthawi imodzi aziona zofanana. Ena akakumana ndi izi amathamangira kuika noac kuti cache imeneyi ithe. Ine sindigwirizana nazo pokhapokha pulogalamu ikufunikiradi zotero, chifukwa seva imalemedwa ndi mafunso ndipo aliyense amayamba kudandaula kuti zinthu zikuchedwa.

Nkhani ya hard ndi soft, zosankha ziwiri zoika pochita mount, ndiyo ndakhalapo nthawi yaitali. Ndi hard, seva ikasowa client imadikira osatopa. Pulogalamu imalowa mu state D (kudikira kovuta kudukiza), ls imaima, df imaima, ndipo kompyuta yonse imaoneka ngati yafa pamene vuto lili pa makina ena kutali. Ndi soft, client imayesa kangapo kenako n'kubweza error kwa pulogalamu. Poyamba soft imaoneka yachifundo. Koma mapulogalamu ambiri sayang'ana bwino ngati kulemba kwawo kwathekadi, ndiye deta ingathe kutayika mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira patapita masiku. Pa mafayilo amene anthu amalembamo, ine ndili kumbali ya hard. Kuima kwa pulogalamu kumapweteka, koma kumaoneka, ndipo seva ikabwerera ntchito imapitirira pamene inalekezera. Malangizo akale amati muwonjezere intr, yolola kudukiza pulogalamu yodikirayo, koma kuyambira kernel 2.6.25 Linux siigwiritsanso ntchito. Pulogalamu yoima choncho imaphedwa ndi SIGKILL, chizindikiro choithetsa mokakamiza.

Tsopano funso lakuti wopemphayo ndani. Mu NFS yosagwiritsa ntchito Kerberos (njira yotsimikizira kuti munthu ndi yemwe akudzitchula), client situmiza dzina la munthu, imatumiza nambala yake ya UID, ndipo seva imangokhulupirira. Ngati nambala 1001 ndi ya munthu wina pa client koma ya winanso pa seva, mmodzi adzapezeka akuwerenga mafayilo a mnzake kapena kukanizidwa ake omwe. Root, mwini mphamvu zonse pa client, nayenso amasandutsidwa munthu wamba chifukwa cha root_squash, kawirikawiri nambala 65534, n'chifukwa chake sudo sikuthandiza mukalandira Permission denied. Ndipo pali malire amene munthu sangawaganizire: pempho limanyamula magulu 16 okha. Munthu wokhala m'magulu 20 angakanizidwe kulowa mufoda imene gulu lake lili ndi chilolezo, chifukwa choti gululo silinakwane m'pempho. Lamulo la id lisonyeza kuti ali m'gulumo, ndipo n'zoona, koma seva sinauzidwe. Pa seva ya Linux, kuyendetsa rpc.mountd ndi --manage-gids kumachititsa seva kufufuza yokha magulu a munthuyo.

Version 4, imene inatuluka mu 2000 n'kukonzedwanso mu 2003, inasintha zambiri. Version 3 imadalira rpcbind pa port 111 ndi mapulogalamu ena monga mountd ndi statd amene port zawo zimatha kusintha, zomwe zimavutitsa pokonza firewall. Version 4 imangofuna TCP 2049. Dziwani kuti showmount -e imafunsa mountd, kotero ikalephera pa seva ya version 4 yokhayokha sizitanthauza kuti seva yafa. Kusintha kwakukulu n'kwakuti seva tsopano imakumbukira: imadziwa amene watsegula fayilo iti ndi amene waika loko. Client iliyonse imakhala ndi lease, nthawi imene seva imaikumbukira isanamvenso kwa iyo, masekondi 90 pa Linux ngati simunasinthe, ndipo seva ikayakanso imapereka kanthawi koti ma client akale adzatengenso maloko awo, zopempha zatsopano zikudikira. Ngati mwangoyatsa seva anthu n'kumati mafayilo sakutseguka, dikirani kaye pang'ono musanayambe kusintha zinthu. Chinanso, seva imazindikira client ndi chizindikiro chimene pa Linux chimachokera ku hostname. Makina awiri a virtual okopedwa ku chithunzi chimodzi, okhala ndi hostname imodzi, angathe kumafufutirana zimene seva ikuwakumbukira, chifukwa kwa seva akuoneka ngati kompyuta imodzi imene ikungoyakanso.

AFS inayenda njira ina kuyambira pachiyambi. Inabadwira ku yunivesite ya Carnegie Mellon m'zaka za m'ma 1980, mu ntchito ya Andrew imene ankachita mogwirizana ndi IBM. Kampani ya Transarc inaitenga mu 1989, IBM n'kugula Transarc mu 1994, ndipo mu 2000 code yake inatulutsidwa poyera ngati OpenAFS. Muno client imasunga zimene yawerenga pa diski yake, seva n'kuilonjeza kuti fayiloyo ikasintha idzaiuza. Lonjezo limeneli ndi callback. Client sifunsafunsa, choncho seva imodzi imatha kutumikira makompyuta ambiri. Koma lonjezo limagwira ntchito ngati seva ingathe kufikira client pa UDP 7001. Pakati pakakhala firewall kapena NAT (yosintha maadiresi a netiweki) imene yaiwala njira ija, uthenga wa seva sufika, client n'kupitiriza kukhulupirira kuti zimene ili nazo ndi zatsopano mpaka callback ija itatha nthawi. Lamulo la fs flush limataya zimene client ikusunga za fayiloyo, ndipo fs checkservers limasonyeza maseva amene client ikuwaona ngati asowa. Kukonza kwenikweni kuli pa firewall.

Chimene ndimachikonda kwambiri mu AFS ndi ma volume. Mafayilo amaikidwa m'mitolo imeneyi, ndipo woyang'anira angasamutse volume kuchoka pa seva ina kupita pa ina ndi vos move anthu akugwirabe ntchito, chifukwa njira ya fayilo sitchula dzina la seva. Malo a volume iliyonse amalembedwa mu database yotchedwa VLDB. Volume ingakhalenso ndi makope ongowerenga pa maseva angapo, ndipo makopewo sasintha okha. Mukasintha fayilo mu volume yolembamo, anthu apitiriza kuona zakale mpaka mutalemba vos release. Inu amene mwasintha mumadutsira njira yokhala ndi kadontho patsogolo pa dzina la cell (gulu la maseva a AFS oyang'aniridwa pamodzi), njira imene imapita ku volume yolembamo, ndiye mukuona zatsopano. Iwo akudutsira njira yopanda kadontho. Nonse mukunena zoona, mukungoyang'ana makope osiyana.

Maseva osunga database amasankha mtsogoleri pogwiritsa ntchito njira yovotera yotchedwa Ubik, ndipo pamafunika mavoti oposa theka. N'chifukwa chake ambiri amaika maseva atatu. Awiri akasowa, kuwerenga kumapitirira koma kusintha kulikonse kumakanika, ndipo udebug pa port 7003 imakuonetsani amene akuvotera ndani.

Za wopemphayo, AFS imadalira Kerberos. Munthu amatenga tikiti ndi kinit, aklog n'kuisandutsa token, ndipo token imatha nthawi. Ntchito imene inayamba bwino madzulo ingafe pakati pa usiku ndi Permission denied, popanda amene wasintha chilolezo chilichonse. Lamulo la tokens ndilo loyamba kulemba zikatero. Komanso zilolezo za AFS zimaikidwa pa foda, osati pa fayilo iliyonse, ndipo zilipo zisanu ndi ziwiri, zolembedwa rlidwka. Wozolowera chmod adzataya nthawi pachabe ngati sanayang'ane fs listacl.

Pansi pa zonsezi pali wotchi. Kerberos imakana pempho ngati nthawi ya makina awiri yasiyana ndi mphindi zoposa 5, ndipo Ubik nayonso imasokonezeka mawotchi akasiyana. Katswiri wa makompyuta Leslie Lamport analemba mu 1987 kuti dongosolo la makompyuta ogawana ntchito ndi limene kompyuta yako ingaleke kugwira ntchito chifukwa cha kufa kwa kompyuta ina imene sunkadziwa n'komwe kuti ilipo. Pa ntchito iyi kompyuta yosadziwikayo kawirikawiri imakhala seva ya NTP (yokonza mawotchi), ya DNS (yomasulira maina a makompyuta) kapena ya Kerberos, ndipo uthenga wa pa sikirini suitchula.

Zonsezi zasintha mmene ndimaonera kuzimitsa ndi kuyatsa. Kumathandizadi nthawi zambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka: kumafufuta zimene kompyuta imakumbukira, handle zakale, cache, maloko. Koma umboni umapita nazo limodzi, ndipo vuto lidzabweranso. Ndiye ndisanakhudze chilichonse ndimalemba kaye zimene mbali zonse ziwiri zikunena. Ndimayang'ana date pa client ndi pa seva. Ndimawerenga /proc/mounts, chifukwa imasonyeza version ndi zosankha zimene zikugwiradi ntchito, zomwe nthawi zina zimasiyana ndi zolembedwa mu /etc/fstab. Pa seva ndimalemba exportfs -v pa chifukwa chomwecho, popeza kusintha /etc/exports sikugwira ntchito mpaka mutalemba exportfs -ra. Kenako dmesg, kufunafuna mizere ya server not responding, ndi nfsstat kuti ndione ngati zopempha zikubwerezedwa kwambiri. Ndimafunsanso ngati vuto lili kwa munthu mmodzi, pa kompyuta imodzi, kapena kwa onse. La munthu mmodzi limaloza ku UID, magulu kapena token. La kompyuta imodzi limaloza ku cache, wotchi kapena njira yake ya netiweki. La onse ndilo la seva.

Gawo limene ndalowa tsopano ndi kuwerenga zokambirana za makinawo mwachindunji, kugwira mapaketi a pa port 2049 ndi tcpdump n'kuwatsegula mu Wireshark, momwe handle, UID ndi yankho la seva zimaoneka poyera. Pa makina oyesera ndikugwiritsa ntchito zosankha za chitetezo sec=sys ndi krb5i, chifukwa ina ya krb5p imabisa zamkati mwa mapaketi.