Envulopu ya agogo inakalembetsa sukulu ku Bulawayo

Abale inu, mwana wobadwira m'banja la Achewa kuno ku Mufakose mu Harare akamasankha yunivesite sasankha yekha ayi, mtundu wonse umaikapo mlomo, ngakhale anthu oti dzina lako amaliphonya. Ine ndinali nditamaliza dipuloma ya electronics pa koleji ina mtauni muno, mayeso aja a HEXCO, bungwe loyesa a m'makoleji, ndiye ndimafuna kusamukira ku yunivesite kuti ndikatenge digiri. Mumtima ndinali nditasankha kalekale, NUST ku Bulawayo. Pagulu ndimanena kuti sukuluyo ndi ya sayansi ndi tekinoloje kuyambira pomwe inayamba mu 1991 ndipo electronic engineering iliko, zomwe ndi zoona ndithu. Koma chifukwa chenicheni chinali chakuti kuchoka pa Harare kukafika ku Bulawayo ndi makilomita pafupifupi 440, ndipo munthu ukakhala patali choncho palibe angakudzutse mbandakucha kuti ukapikule tomato ku Mbare Musika.

Agogo aamuna anamva dzina la Bulawayo nkupukusa mutu. Iwowa anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya, anagwira ntchito yophika kwa mzungu wina ku Avondale zaka zambirimbiri, ndiye kwa iwo yunivesite ndi imodzi basi, ya ku Mount Pleasant. Amati iwe mdzukulu, sukulu imeneyo kale inkatchedwa University College of Rhodesia and Nyasaland, wamva? Nyasaland! Ndi yathu imeneyo, dzina lathu linali pachipata. Ndinayesa kuwauza kuti agogo dzina limenelo ndi la m'ma 1955 uko, pano ndi UZ, University of Zimbabwe, koma anangoti kusintha dzina si kusintha mwini.

Amayi nkhani yawo inali ya m'thumba. Amati HIT, Harare Institute of Technology, ili pompa pa Belvedere, uzikadya kunyumba, uzigona kunyumba, lendi palibe, ukadwala ndikuona ndi maso anga. Achemwali anga aakulu amakankhira MSU, Midlands State University, ku Gweru ati kumeneko kuli apongozi awo ndikagona ulele, koma ine ndimadziwa kuti pakhomo pamenepo pali tiana tambiri ndipo ulele umenewo ndi wolipira ndi msana. Ndiye kunabwera amalume a ku Blantyre pa WhatsApp, ma voice note aatali oti ukhoza kuphika nsima nkupakula asanathe, ati mphwanga bwerera kwanu, Poly ija pano ndi MUBAS kuyambira 2021 inaima payokha, mainjiniya enieni amachokera kumeneko. Za thiransipoti, za pogona, za fizi, amalume zii.

Chomwe chimandisowetsa tulo ineyo palibe anafunsa olo m'modzi. Munthu wochokera ku koleji ndi dipuloma funso lake lalikulu ndi lakuti kodi kumene ukupitako akaiwerengera dipulomayo kapena ayi. Pena amayang'ana makosi amene unachita nkukuchotserako ena, mwina nkukudumphitsa chaka, pena amangoti yambira pansi limodzi ndi ana ongochoka kumene ku A Level, ndiye chaka chathunthu cha fizi chapita pamenepo. Ndinaganiza zopita ndekha ku Bulawayo ndikaonane nawo maso ndi maso, nditanyamula transcript, ma course outline ndi makope odindidwa kupolisi. Kunyumba ndinangoti kuli msonkhano wa achinyamata a kutchalitchi ku Norton, ndibwera Lolemba madzulo.

Tsopano kwathu pepala lililonse lofunika limagona mu thiranki ya agogo pansi pa bedi, limenelo ndi lamulo. Thiranki yachitsulo yobiriwira, loko wake wamkulu, kununkhira mankhwala a njenjete. Ndipo amayi anagula maenvulopu a khaki paketi imodzi kuti aliyense aziikamo zake, onse ofanana, osalembedwa kanthu kunja chifukwa agogo amati kulemba dzina pa envulopu ndi kuitana akuba. Lamulungu m'mawa kusanache magetsi kunalibe, ndinagogoda kuchipinda nkupempha envulopu yanga, ati ya chani kutchalitchi, ndinati akufuna ma ID. Agogo anapapasa mu mdima muja nkunditulutsira pa chitseko. Ndinailowetsa mu chikwama, foni ndinathimitsa ndisanafike nkomwe pokwerera basi kuopa mafunso, ulendo.

Ndinagona kwa mnzanga wina wa kukoleji, Lolemba m'mawa anandibwereka tayi nkundilozera njira ya ku Gwanda Road. Pa ofesi yolandira ophunzira panali mzere, ambiri tiana tating'ono tili ndi makolo awo, ine ndili pakati pawo ndi ndevu zanga ndikudzimva kuti ndine injiniya kale. Itakwana nthawi yanga ndinalankhula Chingerezi chija chosungira alendo, kufotokoza kuti ndili ndi dipuloma ndipo ndikufuna kudziwa ngati angandichotsere makosi ena. Amayi a pa desiki paja, munthu waulemu wake, magalasi ali pamphuno, anati tioneni mapepala. Ndinapereka envulopu ndi manja awiri.

Choyamba kutuluka chinali kakhadi kapinki kopindika m'makona, kodzaza masitampu mwezi ndi mwezi. Khadi la sosaite ya maliro. Anakayang'ana kutsogolo, kumbuyo, nkukaika pambali mwaulemu. Kenako kabuku ka kukiliniki ka BP. Kenako kalata yolemba pamanja yochokera ku Dedza yokamba za malire a munda, ine apa nkuti thukuta layamba kutsika mkati mwa tayi wobwereka uja. Kenako chithunzi chakuda ndi choyera, agogo ali mnyamata, chipewa chopendekera, dzanja lili pa handulo ya njinga yomwe mpaka lero amavomera okha kuti sinali yawo. Pomaliza fotokope ya chitupa. Amayi aja anawerenga chaka chobadwa, anandiyang'ana, anayang'ananso chitupa, nkunena mofatsa kuti mwana wanga, mature entry, ija ya ophunzira achikulire, timalandira ndithu, koma bambo awa akhwima mopitirira.

Kumbuyo kwanga wina anaphulika kuseka, mayi ake nkumutsina. Ine ndinangoti pepani amayi, zasokonekera kunyumba, uku ndikutolera moyo wonse wa agogo pa desiki. Anandithandiza bwinobwino, kundilembera pa kapepala zonse zofunika, nkuwonjezera kuti mapepalawo ndikhoza kungowatumiza pa intaneti osavutika ndi basi. Mau amenewo anandipweteka kuposa kuseka kuja.

Nditatuluka panja ndinayatsa foni, inanjenjemera mpaka kutentha. Ma missed call a amayi, a achemwali, a amalume a ku Blantyre, ngakhale nambala zosadziwika. Ndinatsegula voice note ya mlongo wanga wamng'ono, theka loyamba kunali kuseka kokhakokha osatha kulankhula.

Nkhani yake inali motere. Lamulungu masana agogo anapita ku mitingi ya sosaite ku Mbare, ija ya anthu akwathu yosonkherana za maliro, atakwapatira envulopu yawo. Nthawi yodinda makhadi anaipereka kwa alembi. Alembiwo ndi mdala wopuma pantchito ya njanji, ndipo ali ndi khalidwe limodzi, pepala lililonse lofika pa tebulo lawo amaliwerenga mokweza kuti pasadzakhale wonena kuti zinabisidwa. Ndiye anaimirira, kukonza kukhosi, nkuyamba dzina langa lonse, nambala ya mayeso, kenako phunziro ndi phunziro. Pomwe panali distinction azimayi nthungululu, agogo atakhala tsonga kumangogwedeza mutu osadziwa nkomwe kuti zachokera kuti. Kenako alembi anafika pa masamu. Masamu aja ndinalemba kawiri, nkhani yomwe kunyumba ndinaikwirira bwinobwino ndipo inali itaola. Anawerenga, anaima, anavula magalasi nkupukuta, nkubwerezanso kuti akumbuyo amve.

Mlongo wanga akuti munali zii mu holo monse, kenako gogo wina anati nanga mwanayu akufuna kupita kuti ndi masamu otere? Basi ajenda inasinthira pomwepo. Nkhani ya kukwera mtengo kwa mabokosi anaiimika kaye, anthu nkuyamba kukambirana za yunivesite yanga. Agogo anaimirira ndi Nyasaland wawo uja, ndipo madala angapo anawaombera m'manja. Mayi wina anati ayi apite ku Africa University ku Mutare, ndi ya mpingo wa Methodist, mwana wolephera masamu amafunika mapemphero. Bambo wina anati ku Chinhoyi, CUT, chifukwa iye amadutsako pokatenga kapenta ku Kariba ndiye azikandiona. Wina anatchula Bindura, wina Masvingo, aliyense kumene kuli mbale wake. Za Bulawayo palibe anatchula, mpaka atcheyamani anafunsa kuti mwini wakeyo ali kuti timumve. Agogo anati ali ku Norton ku msonkhano wa achinyamata. Pamenepo mkulu wa mpingo wathu, yemwe naye ndi membala, anakweza dzanja nkunena kuti pepani atcheyamani, msonkhano umenewo ine sindikuudziwa.

Anavota abale. Kukweza manja, alembi nkumawerenga. HIT inapambana, chifukwa azimayi anali ambiri ndipo amayi anga ndi amene amasunga mapoto aakulu a sosaite, palibe amafuna kudana nawo.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita. Pa Gweru ndinakonza bodza, pofika pa Kwekwe linali litagwa, pa Kadoma ndinakonza lina, pa Chegutu amalume anatumiza voice note yoti ku MUBAS masamu ndi ovuta kwambiri mwina ndingokhala konkuno. Podutsa pa Norton ndinayang'ana kumbali.

Kunyumba amayi sananene kanthu, anangondiikira nsima patebulo mwamphamvu mpaka ndiwo zinadumpha. Agogo anandiitanira kuchipinda, ine nkumati lero ndiye kwatha. Analandira envulopu, kuwerenga mapepala awo limodzilimodzi, chithunzi chija anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati khadi langali silinadindidwe ndipo andilipiritsa faindi, ubweza ndiwe. Ndinati chabwino agogo. Anati nanga ku Bulawayoko ataona mapepala anga anati chani? Ndinawauza za mature entry zija. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo mawa lake anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kuti yunivesite ya ku Bulawayo inawafuna koma anakana okha chifukwa si ya Nyasaland.

Mafomu ndinatumiza konse kuwiri, ku Bulawayo ndi ku Belvedere, pa intaneti, mwakachetechete. Pano m'mawa uliwonse ndimakwera kombi kupita ku Belvedere, ndipo Loweruka ndimapikulabe tomato. Amayi amati inasankha ndi sosaite, ine ndimati ndinawerengera lendi ya ku Bulawayo nkuona kuti sizikutheka, tisakangane.

Mwezi wotsatira agogo anandikakamiza kuwaperekeza ku mitingi kuti ndikalipire faindi ija ndi dzanja langa. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko. Atatha pemphero atcheyamani anati tiyambe ndi maminitsi a mitingi yapita, alembi anaimirira, kukonza kukhosi, nkutsegula buku lawo lalikulu lija. Mfundo yachitatu inali masamu a mdzukulu. Anawerenga zonse, magiredi omwe, nkufunsa ngati pali chokonza. Gogo uja anati palibe, zalembedwa momwe zinalili, wina anasekonda, atcheyamani nkusaina.