Digiri ija yatheka, zikomo nonse

Abale ndi anzanga a kuno ku Zomba ndi kwina konse, sabata yathayi ndinaima pamaso pa aphunzitsi akuluakulu kuteteza kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, ndipo anauvomera. Ulemu upite kwa Mulungu. Koma pali anthu amene ndiyenera kuwathokoza poyera, ndipo ambiri a iwo anandithandiza asakudziwa n'komwe chimene ndinkagonera mochedwa.

Ndiyambe ndi inu Amayi. Mwakhala mukuuza anzanu a kumvano kuti mwana wanu akuphunzira za nyengo, iwo n'kumandifunsa ngati mvula ibwere msanga chaka chino. Lero ndifotokoze bwino kuti mukawayankhe. Dziko lathuli lili ndi mphamvu ya maginito, ndipo mizere yake imatuluka mbali ino ya kumwera, kukwera kutali kuthambo n'kukatsikira mbali ya kumpoto. Dzuwa nalo limatumiza mphepo ya tinthu tamagetsi yothamanga makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Mphepoyo ikawomba, mizere ija imanjenjemera ngati nsambo za bangwe: yaitali imagwedezeka pang'onopang'ono, yaifupi mofulumira. Kuno kwathu, kufupi ndi equator, mizereyi ndi yaifupi, choncho kugwedezeka kumodzi kumatenga masekondi 10 mpaka 45 basi. Akatswiri amakutchula Pc3. Kumalekezero a dziko kumatha kutenga masekondi 150 mpaka 600. Mafunde amtunduwu anawafotokoza Hannes Alfvén wa ku Sweden mu 1942, ndipo mu 1954 James Dungey ananena kuti mizere ya dziko lathu lomweli ikhoza kulira motero.

Chovuta n'chakuti kunjenjemerako n'kochepa zedi. Mphamvu ya maginito amaiyeza mu ma nanotesla, ndipo kuno ndi pafupifupi 30,000, pamene chimene ine ndinkasaka chimangokhala nanotesla imodzi, mwinanso osakwana. Galimoto kungodutsa pafupi ndi chipangizo choyezera, zonse zasokonekera. N'chifukwa chake ndinadalira miyezo ya ku Hermanus ku South Africa, kumene akhala akuyeza maginito a dziko kuyambira 1941. Anthu amene amasamala zipangizo zimenezo sindikuwadziwa nkhope, koma ntchito yawo ndi imene ndadyera, ndipo ndikuwathokoza. Miyezo yotere imalembedwa sekondi iliyonse, ndiye mafayilo ake ndi aakulu. Malume, bandulo zonse zija munkandigulira osafunsa kuti zikutha bwanji msanga chonchi, zinathera pamenepo, osati pa Facebook ayi.

Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atafika, mtsinje wa Likangala unadzaza, ndipo madzi analowa m'nyumba imene ndinkachita lendi ku Chikanda. Anthu ena anataya abale awo ndi nyumba zawo, choncho zanga sindingaziyerekeze ndi zimenezo. Komabe laputopu inafa, makope anga onse ananyowa, ndipo mtima unatsala pang'ono kusiya. Mayi oyandikana nane, amene amagulitsa mandasi pamsewu, anatenga makopewo, kumatula tsamba lililonse ndi mpeni wa kukhitchini kuti lisang'ambike, n'kuwayanika pa mphasa atatsindira ndi timiyala. Masamu amene anali m'menemo sankawamva, anangoti, "Mwanawe, zolemba sataya." Mayi, masamba okwinyika aja ndi amene asanduka mutu wachitatu wa kafukufukuyu. Mnzanga wa m'kalasi anapezeka kuti anasunga mafayilo anga pa fulashi yake, kenako anandibwereka laputopu miyezi yambiri iye akuvutika. Achimwene a pa babashopu, munkandilola kutchaja pa sola yanu magetsi kulibe, osandilipiritsa. Bambo eni nyumba, munadikira lendi mopanda kunyoza. Zikomo kwambiri.

Aphunzitsi anga oyang'anira kafukufuku, nthawi zina ndinkatuluka mu ofesi mwanu ndili wokwiya, chifukwa chilichonse chimene ndabweretsa munkafunsa kuti, "Ukudziwa bwanji kuti limeneli si phokoso chabe?" Ndinu amene munandikakamiza kufanizira masiteshoni awiri oyezera maginito, ina cha kumpoto ina cha kumwera, kuti zioneke ngati mzere wa maginitowo ukuliradi wokha kapena ukungolandira mafunde ochokera kwina. Pamenepo ndi pamene ntchitoyi inakhala yaphindu, chifukwa liwiro la kugwedezekako limatiuza kuchuluka kwa tinthu tamagetsi tili kuthamboko, m'dera limene masetilaiti ena amayendamo. Mphepo yamphamvu ya dzuwa itagunda dziko pa 10 ndi 11 Meyi 2024, yoposa zonse kuchokera mu 2003, munandiimbira foni usiku ngati mwana wamng'ono wosangalala. Ineyo ndikuona kuti mphunzitsi wotere ndi wosowa.

Akumpingo amene munkandipempherera, azichemwali anga amene munasenza udindo wa pakhomo ine ndili pa kompyuta, ndi anzanga amene ndakhala ndikujomba maukwati anu ndi zinkhoswe zanu, mundilandirenso.

Loweruka likubwerali kuyambira 2 koloko masana kukhala kaphwando kakang'ono kwa Malume ku Matawale. Kudzakhala mpunga, nkhuku ndi thobwa. Amene muli pafupi mubwere ndi mpando wanu, mipando ndi yochepa.