Hilux GD6 yosakwezedwa: taima pa 265/70R17

Ino ndi sabata yachitatu tili pa matayala a Toyota Hilux ya injini ya 2.8 GD6, ya double cab, yomwe kunsi kwake sikunakhudzidwe. Masipuling'i, mashokabu ndi malimu ndi omwe inachokera nawo kufakitale. Timafuna kudziwa tayala lalikulu lomwe lingalowe popanda kudula chitsulo chilichonse.

Tiyambe ndi masamu, poti ambirife timagula matayala ndi maso. Galimotoyi inabwera ndi 265/65R17. Nambala 265 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya 265, ndipo 17 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Khoma ndi 172 mm, pamwamba ndi pansi 344 mm, kuphatikiza limu ya 432 mm, tayala lonse likutalika 776 mm. Mukawerenga chimodzimodzi, 265/70R17 ikupereka 803 mm ndipo 285/70R17 ikufika 831 mm. Kumbukirani kuti galimoto imakwera ndi theka lokha la kusiyanako. Pa 265/70 difu (bokosi la magiya la pakati pa mawilo, kunsi kwa galimoto) yakwera 13 mm, pa 285/70 yakwera 27 mm. Phokoso lonse lomwe anthu amachita potama 285, phindu lake silikwana zala ziwiri.

Manambalawa ndi a papepala. Tayala la mud-terrain (la m'matope) la mano akuluakulu m'mapewa limatenga malo ambiri kuposa la all-terrain (la pa tala ndi pa dothi pomwe) la saizi yomweyo, choncho tayala lomwe mukufuna kugula ndi lomwe muyenera kuyesa, osati la mnzanu.

Galimoto itaima pa simenti yosalala, mawilo atalunjika kutsogolo, saizi zonse zitatu zimaoneka ngati zalowa bwino. Apa ndi pomwe ndalama zimatayikira. Tayala limakhula pamene chiwongolero chakhotetsedwa mpaka kumapeto, sipuling'i itapanikizika nthawi yomweyo. Tinapaka choko mkati monse mwa madigadi akutsogolo, tinakweza matumba asanu a simenti kumbuyo ndi anthu atatu mkati, kenako tinakhotetsa mpaka kumapeto kumanja ndi kumanzere, chamtsogolo ndi chambuyo, wilo limodzi litakwera pa mulu wa dothi. Pomwe choko chafufutika ndi pomwe pakukhula.

Pa 265/70R17 ya all-terrain choko chinafufutika malo awiri okha, pa labala yotchinga matope ndi pa pulasitiki ya mkati kumbuyo kwa wilo, makamaka pobwerera chambuyo. Labala tinaicheka pang'ono pangodya. Pulasitiki tinaitenthetsa ndi heat gun, kuikankhira mkati ndi chogwirira cha hamala mpaka itazizira, n'kuimanga ndi ma cable tie awiri. Titayesanso, phokoso la "khwee" lija linatha.

Ya 285/70R17, yomwe tinangobwereka tayala limodzi loyesera, inagunda body mount, chitsulo chija chimanyamula kebu pa chesisi kumbuyo kwa wilo lakutsogolo. Mkati namonso khoma la tayala linayandikira upper control arm, mkono wachitsulo wogwira wilo kumtunda, moti chala sichimalowa. Alipo owotcherera ku Magaba, ku Harare, amene angadule chitsulocho n'kuchitsekanso ndi puleti, koma pamenepo galimoto siilinso yosakhudzidwa, ndipo mwadula pa chesisi. Ena amati kwezani ndi 50 mm basi. Kukweza kumasintha pomwe galimoto yaima, koma mukagwera m'dzenje la pa Seke Road nthawi ya mvula, wilo limakwerabe kufika pomwe limafika kale, n'kukapeza chitsulo chomwe chija.

Nkhani ya malimu ndiyo imasokoneza anthu kwambiri. A fakitale ndi otambalala mainchi 7.5, mabowo asanu ndi limodzi pa 139.7 mm, ndipo offset yake, mtunda wochokera pakati pa limu kufika pomwe limu imamangidwira ku galimoto, ili cha m'ma +30 mm. Malimu okongola ambiri amene mungaone m'mashopu a zida zagalimoto cha ku Kaguvi Street amakhala a offset 0 kapena yochepera apo. Limu ya offset 0 imatulutsira tayala panja ndi 30 mm. Kumbali ya control arm mwapeza malo, inde, koma pokhota tayala limazungulira motambalala n'kufika msanga pa body mount, moti ngakhale 265/70 yomwe inalowa bwino imayamba kukhula. Onjezanipo ma bearing a mawilo kulemedwa, ndi timiyala kulasa penti ya zitseko. Ma spacer, zitsulo zoika kumbuyo kwa limu kuti wilo litulukire panja, amachita zomwezo. Ife tasiya malimu a fakitale.

Sipeya musaiwale. Hilux iyi ndi ya 4x4 yochita kutchera, ndipo ikatcheredwa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuzungulira limodzi. Tayala limodzi laling'ono ndi 27 mm limazunza transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi madifu. Kugula ndi asanu, osati anayi. La 803 mm lalowa pansi pa bodi pomwe sipeya amalendewera ndi tcheni, koma ngati muli ndi tow bar (chitsulo chokokera ngolo) yesani kaye musanalipire.

Kwa amene mukusaka matayala a kaunjika ku Mbare, werengani manambala anayi otsiriza pa chidindo cha DOT chomwe chili pa khoma la tayala. 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Mano akhoza kukhalapo koma labala itauma, ndipo timing'alu timaoneka pakati pa manowo mukalifinya. Onaninso nambala ya kulemera: 112 ndi makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, 121 ndi 1,450. Musatsike pansi pa nambala ya matayala omwe galimoto inabwera nawo, makamaka inu a katundu wopita kumudzi kudzera ku Nyamapanda ndi Tete. Matayala olembedwa LT ndi olimba m'mbali, miyala siwaboola wamba, koma ndi olemera ndipo galimoto ikakhala yopanda katundu imagwedeza msana.

Zomwe zasintha poyenda ndi izi. Tayala latsopanoli ndi lalikulu ndi 3.4 peresenti, choncho pomwe singano inkaloza 120 galimoto ikuthamanga 120, tsopano ikuthamanga pafupifupi 124. Ikanakhala 285 bwenzi ili 128, ndipo apolisi a pamsewu sangamve za saizi ya tayala. Makilomita nawo akuwerengeka ochepa ndi 3.4 peresenti yomweyo, ndiye powerengera dizilo chulukitsani mtunda ndi 1.034, apo ayi mudandaula kuti ikumwa kuposa mmene ikumwera. Ponyamuka yafooka pang'ono chabe, ndipo pa zitunda za ku Mutoko itanyamula ikufuna kutsitsa giya msangako. Mabuleki nawo akufuna phazi lolemerako.

Zotsala ndi wheel alignment (kuwongola kaimidwe ka mawilo), poti caster, kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe wilo limakhotera, ikakhala yochepa wilo limabwerera kumbuyo n'kuyandikira pulasitiki tinakankha ija, komanso kumanganso manati a mawilo galimoto ikayenda makilomita 100 oyamba. Choko tipakanso tikabwerako ku alignment.