Kukwera phiri la Dedza moto utadutsa

Amene mumayenda pa M1 mukudziwa mmene phiri la Dedza limaonekera ikafika Seputembala ndi Okutobala, mbali ina bii ngati pansi pa mphika. Ineyo ndimangolionera pa windo la basi, ndiye Loweruka lapitali ndinamuuza mnzanga wa konko kuti aise tiye tikwere ndikaone ndi maso.

Tinanyamuka m'tauni dzuwa lisanakwere, kuzizira kwake juzi osaivula olo kuti ndi Okutobala, pajatu Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'Malawi muno palibe tauni ina yokwera chonchi, ndipo nsonga ya phirilo imafika mamita 2,198. Tinatsata msewu wafumbi uja wopita ku ma tawa a netiweki. Poyambira zonse zili bwinobwino, paini wobiriwira, kafungo kake kaja, koma titangokhota kangapo tinalowa m'lupsa.

Paini ndiye wapsa momvetsa chisoni abale. Mtengo umenewu suphukanso ukapsa, ndipo masamba ake oyoyoka aja amaunjikana pansi n'kuuma, moto ukangofika umayaka mosaletseka, utomoni nawo n'kumathandizira. Mitengo ing'onoing'ono yobzala yangotsala timitengo takuda tili njoo m'mizere momwe anaibzalira. Ikuluikulu yapsa m'munsi, m'mwamba masamba afiira, ndinagwira khungwa la umodzi likungofumbutuka m'manja, utomoni utachucha n'kuuma pompo. Pansi phulusa lokhalokha, ukaponda likulowa mu nsapato, ndipo apa ndi apo zigoba za nkhono zoyera mbee, eni ake anapsera momwemo.

Koma tafikani pomwe pali mitengo yachilengedwe muone. Apa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali mpaka mnzanga kuyamba kudandaula kuti dzuwa litipeza. Chitsa cha mombo chakuda, choti munthu ungati chinatha kalekale, koma m'mbali mwake mphukira zatuluka gulu, timasamba tofiira tofewa tonyezimira, mvula isanagwe n'komwe. Mitengo yathuyi mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo khungwa ndi lokhuthala, moto umangowaula kunja moyo uli m'kati. Misuku nayo ili chilili, ina mpaka ili ndi zipatso zosapsa. Udzu pa zitsinde zopserera watulutsa kale msipu wobiriwira. Ineyo ndikuona kuti timalimbikira kwambiri kubzala paini ndi bulugama chaka ndi chaka n'kumajambulitsa zithunzi, pamene mitengo yomwe imadziwa kudzidzutsa yokha sitiilabadira, ikanangotetezedwa basi.

Vuto lake ndi loti moto ukamabwera chaka chilichonse mphukira zija sizikula, zimapsa zisanafike olo m'chiuno, kenako n'kuyambiranso. Nchifukwa chake m'malo ambiri mukuona zitsamba zokhazokha, mitengo yeniyeni osaoneka. Komanso moto wa Okutobala ndi woopsa kusiyana ndi wa Meyi kapena Juni, udzu umakhala utauma gwaa ndipo mphepo ili kuwomba, paja a zankhalango amalimbikitsa kutentha msanga udzu usanaumitse ndi kulambula njira zotchinga moto.

Tinakumana ndi mayi ena akutsika, mtolo wa nkhuni zakuda pamutu.

"Mwadzuka bwanji mayi? Motowu ndiye unachokera kuti?"

"Tadzuka bambo, kaya inu. Aaa, ndi a mbewa awa, amayatsa kumunsi kuja n'kuuleka, ukakwera kuno auzimitse ndani."

Zoonadi mauna okumbidwa tinawaona ambiri, dothi lofiira lili pambali. Atadutsa mnzanga anandinong'oneza kuti si a mbewa okha, ena amayatsa dala kuti mitengo iume apezerepo nkhuni ndi makala, poti wotola mtengo wouma sakanganirana naye kwambiri. Mayiwo sindikuwaweruza ayi, kunyumba kukufunika moto wophikira ndipo magetsi ake ndi omwewa tikuwadziwawa.

Chigawo chomaliza ndi chotopetsa, mthunzi kulibe, mpweya kuperewera, ine kumangopuma pafupipafupi. Pamwamba mphepo yake yozizira, akhungubwe akuzungulira pa miyala. Kunali chifunga cha utsi moti kutali sikumaoneka bwino, komabe tauni yonse ili pansi apo, minda ya mbatatesi m'madimba, ndi mbali ya Mozambique yomwe ili pafupi zedi, nakonso utsi uli tolotolo. Mnzanga anandilozera phiri la Chongoni, dera lomwe kuli koleji ya zankhalango komanso mapanga a zojambula zamakedzana, malo 127 omwe bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006, monga Chencherere ndi Mphunzi. Ndinangoganiza kuti moto ngati uwu ukamafika pakhomo pa mapanga amenewo mwaye wake umazitani zojambulazo.

Potsika tinadula njira yachidule, kutsetsereka pa phulusa mpaka thalauza kuda, tikufika pa depoti anthu kumatiyang'ana ngati ootcha makala. Tinagula chipisi cha pachiwaya n'kukhala pansi. Mnzanga akuti ndibwerenso Januwale mvula itakhazikika tikaone ngati utale umere m'misuku muja. Amene mukufuna kukwera mwezi uno nyamulani madzi okwanira ndi chipewa, ndipo nsapato zoyera zisiyeni kunyumba.