Wakuba wa pa Lizulu

Ine ndimakazinga tchipisi pa Mlangeni, ndipo pachiwaya panga pali lamulo limodzi: ikakwana nthawi ya Nkhani za M'maboma, aliyense atseke pakamwa kupatula ine. Wailesi imanena nkhani, chigamulo ndimapereka ndine. Akati wina walowa m'nyumba ya eni kukaba, wapeza nsima ya nkhuku, wadya n'kugona pomwepo mpaka kunja kuyera, ine: "Ameneyo musam'mange, m'patseni bulangete, ndi mlendo." Akati wina wabereka mbuzi ndi chitenje kuti anthu aziti ndi mwana, ine: "Nanga kusikelo akafunsa za nyangazo adzati ndi zakuchimuna?" Makasitomala amaseka mpaka kutsamwa ndi tsabola. Mawu anga amakhala amodzimodzi: akuba amasiku ano nzeru alibe.

Tsiku la msika ndinapalasa kupita ku Lizulu kukaoda kachewere. Kwa inu osadziwako, pa Lizulu malire ndi msewu wa M1. Mbali ino ndi Malawi, ukangooloka phula uli ku Mozambique, wopanda wokufunsa pasipoti. Kabichi, karoti, anyezi, tomato zili milumilu, maminibasi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akuimba mahutala ngati ena ali ndi ngongole yawo.

Njinga ndinaitsamiritsa pamzere wa zinzake, zonse zakuda, zonse za keliyala. Nditagula thumba langa, mnyamata waganyu anandisenzera, ine n'kuloza: "Ika apa mphwanga." Tinamanga ndi mphira, ndinakwera.

Abale, njinga inayenda tsiku limenelo! Tcheni chete. Ndigwire buleki, yaima nthawi yomweyo. Ndinangoti mumtima, kuzizira kwa ku Ntcheu kuno nako ndi mankhwala. Ndinaoloka msewu kuti ndikaone mtengo wa mafuta ophikira tsidya linalo.

Ndipamene ndinamva mfuu kumbuyo. "Wakuba! Wakuba njinga!"

Mtima wanga unadumpha ndi chisangalalo. Zaka zonsezi kungomvera pawailesi, lero ndionere ndi maso anga! Ndinatsika, n'kuima bwinobwino pafupi ndi amayi ena ogulitsa tomato. "Amayi, mwauona uchitsiru? Kuba dzuwa lili paliwombo, pamsika, anthu onsewa akuona. Munthu ameneyu kwawo kuli akuluakulu?" Amayiwo sanayankhe, ankangoyang'ana chishalo chomwe ndinagwira. Gulu lija likubwera chothamanga, ine ndinakweza dzanja kuti ndithandizeko: "M'gwireni ameneyo, asathawe!"

Anandimvera. Anandigwira.

Wina kolala, wina lamba, wina anayamba ndi thumba la kachewere, ati umboni. Mwini njinga anatulukira ali wefuwefu, mdala wamfupi wa chikhoti chofika m'mawondo. Sindiwada ayi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njinga si chinthu choti munthu n'kuchionera chikupita.

Mwayi wake achitetezo apamsika anafika makofi asanachuluke. Anangokwana awiri, ndipo lachiwirilo linachokera kwa amayi a tomato aja.

"Akuluakulu," ndinatero, "pano palibe wakuba. Pali njinga zofanana basi."

Kamnyamata kena, mwa tija timadziwa malamulo onse koma sitinalowepo m'khoti, kanakuwa kuti: "Waitulutsa kunja kwa dziko ameneyu! Mlandu wa mayiko awiri!" Anthu anavomera m'chimodzi. Kunja kwa dzikoko n'kuti ndili mapazi khumi kuchokera pamsewu.

Ndinapempha kuti tibwerere ku Malawi ndikawaonetse yanga, nkhani ithe. Tinaoloka chigulu, ine pakati. Ndipo inalidi pomwepo, yosakhudzidwa ndi munthu. Ndinailoza monyadira. "Si iyi? Munthu wokhala ndi njinga yakeyake angabe ya mnzake?"

Wamkulu wa achitetezo anaizungulira mwakachetechete. Anafinya buleki, waya n'kugwa. Anayang'ana mapedulo, anapeza zitsulo zokha. Chishalo n'chokulunga ndi jumbo, teyala lakumbuyo lomanga ndi mphira malo atatu. Anagogoda belu, belu osayankha. Kenaka anatembenukira njinga ya mdala uja, yonyezimira, yagalasi lake, n'kubwereranso kwa ine.

"Bambo," anatero mwaulemu, "tisanaione iyi timafuna tikukhulupirireni."

Ndinalipira ndowa ya kachewere kwa mdalayo, ati chipepeso cha ulendo wa ku Mozambique womwe njinga yake inayenda osatsanzika.